Kandege Kankhondo Kasamawale Ngati Galimoto ya Ukwati



Anthu okhala pa Kameza, pomwe msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka umapatukana ndi wa ku Lunzu ndi Zalewa, amakula akuona ndege monga m'mene a ku Mangochi amakulira akuona mabwato. N'zosadabwitsa tsono kuti mwana wa kuno, wa ku Chirimba kapena wa ku Machinjiri, akatopa ndi galimoto ya mawaya amayamba kupinda mapiko ndi mchira. Akamasinkhuka amasiya waya n'kuyamba kusema thabwa la paini, kudula zitini za zakumwa ndi zidutswa za mapaipi a pulasitiki. Ochepa amene ali ndi achibale ku Johannesburg amalandirako mabokosi a tizidutswa tolumikiza a makampani monga Airfix, Revell ndi Tamiya. Chodabwitsa n'chakuti ambiri sakopeka ndi ndege yonyamula anthu imene amaiona ikutsika ku Chileka tsiku ndi tsiku. Mtima wao uli pa jeti yankhondo imene anaiona m'kanema kapena pa foni.

Luso lopanga lilipo, ndipo amene anayendako mumsika wa Ndirande, kumene amisiri amasandutsa lata lakale kukhala mbaula ndi ndowa, sangatsutse. Chimene chimaperewera ndi kumaliza. Kandege kamene katenga masabata atatu kusema kamapakidwa tsiku limodzi ndi penti wamafuta wotsala popenta chitseko, wokandapala ngati phala, n'kutuluka kakuwala ngati galimoto ya ukwati. Maganizo anga sabata ino ndi akuti wachinyamata amene wasankha kupanga kandege kankhondo tisamuletse, koma timulimbikitse kukamaliza moona. Asankhe ndege yeniyeni, ya dziko lodziwika ndi chaka chodziwika. Ayambe ndi penti wa pansi, apake mitundu imene ndegeyo inalidi nayo, ndipo pomaliza aikepo mwaye, fumbi ndi zipsera zimene ntchito yake inaisiyira. Ntchito yomalizayi pa Chingerezi amati weathering. Ife tinene kuti kukalambitsa. Ndikhulupirira kuti kukalambitsaku n'kumene kumasiyanitsa chidole chotamanda nkhondo ndi ntchito yamanja yonena zoona za nkhondo.

Zoyamba ndi zimene sizidzaoneka

Penti wa pansi, amene amisiri amamutcha primer kapena undercoat, ndiye amene achinyamata ambiri amamudumpha, poganiza kuti n'kutaya ndalama pa chinthu chimene chidzakwiririke. Koma ali ndi ntchito zitatu zimene penti wa pamwamba sangazigwire. Amakakamira pa pulasitiki, pa chitsulo kapena pa thabwa, kuti mtundu wobwera pambuyo upeze pogwira. Amaonetsa poyera zilema zonse, chifukwa kandege kakangopakidwa primer wotuwa, mng'alu uliwonse, guluu wotayikira ndi mikwingwirima ya mpeni zimaonekera nthawi yokonza ikadalipo. Amafananitsanso maziko, kuti pamene panali chitini chofiira ndi pamene panali thabwa loyera pasadzasiyane mtundu. Ndege zenizeni nazo zimatero: kwa zaka zambiri mafakitale ankapaka aluminiyamu wa ndege primer wachikasu chobiriwirako wa zinc chromate, womuteteza kuti asadyeke.

Primer asanafike, kandege kasambe. Tizidutswa ta m'bokosi timakhala ndi mafuta a m'chikombole cha ku fakitale, ndipo zala zathu zimaonjezera ena. Madzi ofunda pang'ono, sopo ndi mswachi wakale n'zokwanira, kenako kaume usiku wonse. Mipata ya polumikizira itsekedwe ndi putty, kapena ndi super glue wothiridwa soda wophikira, amene amauma nthawi yomweyo n'kulimba. Kenako pakhulidwe ndi sandipepa wonyowetsa, kuyambira wa nambala 400, kubwera wa 600, kumalizira wa 1000. Chipangizo chilichonse chili ndi primer wake. Waya wachitsulo amafuna red oxide, yemweyo amene owotcherera amapaka pa mageti ndi mafelemu a mawindo. Chitini cha aluminiyamu ndi lata losachita dzimbiri zimafuna kukhulidwa kaye ndi kupakidwa etch primer, apo ayi penti amasupuka ngati khungu la njoka. Thabwa limamwa penti, choncho liyambe lapakidwa guluu wa akalipentala wosungunula ndi madzi, liume, likhulidwenso. Thovu loyera lija lotetezera katundu m'makatoni limasungunuka likakhudzana ndi thinala kapena penti wopopera, choncho nalo litchingidwe kaye ndi guluu yemweyo. Wodumpha zonsezi amapanga chikomekome cha mkuyu: sabata yoyamba anthu amayamikira, mwezi usanathe penti wayamba kugwa.

Masamu a bulashi

Opanga tindege padziko lonse amatsata miyeso yodziwika, makamaka 1:72, 1:48 ndi 1:32. Pa muyeso wa 1:72, sentimita imodzi ya kandege ikuimira masentimita 72 a ndege yeniyeni. MiG-21, yotalika pafupifupi mamita 15, imakhala pafupifupi masentimita 21 okha. Hawker Hunter, ya mamita 14, imapitirira pang'ono masentimita 19. Woyendetsa wake amakhala wamtali masentimita awiri ndi theka. Masamu amenewa ndi amene ayenera kulamulira dzanja. Penti wokandapala theka la milimita pa kandege akufanana ndi penti wa masentimita atatu ndi theka pa ndege yeniyeni, pulasitala weniweni wa pakhoma. Kadontho kasiliva ka mamilimita 5 kakuimira chibowo cha penti cha masentimita 36. Choncho penti asungunulidwe mpaka ayende ngati mkaka, ndipo apakidwe katatu kapena kanayi mopyapyala, ulendo uliwonse kudikira kuti wapansi aume. Ulendo woyamba umaoneka wonyansa, wamawangamawanga, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kudzaza bulashi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mitundu ya penti nayo siyenderana chisawawa. Wa acrylic amasungunulidwa ndi madzi, amauma msanga ndipo sanunkha kwambiri. Wa enamel, amene timangoti wamafuta, amasungunulidwa ndi turpentine kapena white spirit ndipo amafuna tsiku lathunthu kuti aume. Wa lacquer, wa opopera magalimoto, ndi waukali: akapakidwa pamwamba pa enamel amamukwinyitsa, ndipo thinala wake amatha kudya pulasitiki. Mitundu yowala iyambe, yoderapo itsatire. Pamene padzakhale chikasu kapena kufiira payambe payera, ndipo pamene padzakhale siliva pamakoma pakayamba pakuda posalala. Galasi la pamwamba pa woyendetsa liphimbidwe ndi tepi ya pepala yodula bwino ndi lezala. Amene ali ndi airbrush, kachipangizo kopopera ndi mpweya, ali ndi mwayi, koma bulashi yofewa ndi dzanja lodekha zimafikanso. Wogwiritsa ntchito chitini chopopera achitalikitse masentimita 20 kapena 25, ndipo dzanja lisaime malo amodzi.

Nyengo ya Blantyre ili ndi mau ake pa nkhaniyi. M'dzinja, komanso masiku a chiperoni mu June ndi July, chinyontho chimachititsa penti wopopera kuchita chifunga choyera. Mu October, dzuwa likaswa mtengo, penti amauma asanafike pa kandege n'kusiya khungu lokhakhala ngati mchenga. Nthawi yabwino ndi m'mawa, pamthunzi, popita mphepo, ndipo mukatha vindikirani ndi beseni kapena katoni kuti fumbi la mumsewu lisakakamirepo.

Mtundu ukatha, pakani vanishi wonyezimira. Zomata za manambala ndi mbendera zimagwira bwino posalala. Pokhakhala zimasunga timpweya pansi n'kumaoneka zotuwa m'mphepete. Kuwala kumeneku n'kwa kanthawi, chifukwa pomaliza penipeni padzabwera vanishi wosawala. Ndege yankhondo yopakidwa mitundu yobisalira siyenera kunyezimira, popeza kunyezimira kumaionetsa kwa mdani.

Kudetsa mwanzeru

Kukalambitsa kuli ndi lamulo limodzi lalikulu: chizindikiro chilichonse chikhale ndi chifukwa chake. Jeti siyenda m'matope ngati thalakitala, ndipo imene ikugwira ntchito imakhala ndi amakaniko oipukuta ndi kuiyendera tsiku ndi tsiku. Litsiro lake lili ndi malo ake. M'mizere ya polumikizira malata mumadikha mafuta ndi fumbi. Izi zimaonetsedwa ndi penti wabulauni woderapo wosungunula kwambiri, amene amayenda yekha m'mizeremo, wotsalayo n'kupukutidwa ndi kansalu. Penti wa ntchito imeneyi akhale wa mtundu wina ndi wa pansi, monga wamafuta pamwamba pa acrylic, kuti popukuta musachotse zonse. Kutsogolo kwa mapiko ndi kukamwa kokokera mpweya penti amanyotsoka ndi mchenga ndi mvula. Kachidutswa ka siponji ya matiresi koviika pang'ono mu siliva kamaonetsa zimenezi kuposa bulashi. Pamene woyendetsa ndi amakaniko amaponda pamakhala poperepeseka, ndipo pensulo wamba amatulutsa kuwala kwa chitsulo m'mphepete. Kumimba kumakhala mikwasa ya mafuta a injini ndi a hydraulic, ndipo mikwasa yonse imatsata mphepo, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Chitsulo cha kotulukira moto chimapsa n'kusanduka chabulauni ndi chabuluu. Pamwamba pa mapiko ndi pamsana dzuwa limafwifwitsa mtundu, pamene pansi umakhalabe wakuya.

Zambiri mwa zipangizo za ntchito imeneyi tili nazo kale pakhomo. Makala opera bwino amapereka mwaye. Dothi la katondo losefa pa kansalu limapereka fumbi la pa matayala ndi miyendo. Choko ndi phulusa zimafwifwitsa. Cholakwa chofala ndi kupaka dzimbiri lofiira pa mapiko. Thupi la ndege zimenezi ndi la aluminiyamu, amene akadyeka amatulutsa ufa wotuwa. Dzimbiri lofiira limabwera pa zitsulo zokha, monga mabawuti ndi mbali zina za miyendo. Akuluakulu a ku Chileka angathe kuchitira umboni, chifukwa ndege yaikulu ya VC10 ya Air Malawi inakhala pabwalo paja osauluka kuyambira 1981 mpaka pamene inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo anaiona ikufwifwa chaka ndi chaka.

Mukuona tsono kuti munthu sangakalambitse kandege asanayankhe mafunso. Kodi ndegeyi inkakhala pabwalo la fumbi kapena la m'mphepete mwa nyanja yamchere? Kodi inali yatsopano, kapena inali itatumikira zaka 15? Kodi mizinga yake inali itawombera? Bulashi imamukankhira wopentayo ku mbiri, afune asafune.

Ndege iti, ya kuti, chaka chiti

Dziko lathu lilibe majeti omenyera nkhondo. Asilikali athu a m'mlengalenga akhala akugwiritsa ntchito ndege zonyamula anthu ndi katundu komanso mahelikopita, ndipo imene tonse timaikumbukira ndi chisoni ndi Dornier 228 imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Jeti imene boma linagula mu 2009 n'kuigulitsa mu 2013 inali yonyamula mtsogoleri. Mwina n'chifukwa chake achinyamata athu amathamangira ndege za ku America za m'mafilimu, ngati kuti nkhondo ya m'mlengalenga ndi nkhani ya kutsidya kwa nyanja. Chikhalirecho majeti ankhondo anauluka ndi kupha anthu m'maiko onse atatu otizungulira kumwera, kum'mawa ndi kumadzulo, makolo athu ali moyo.

Tengani Hawker Hunter. Ndege 12 za mtundu umenewu zinafika ku Rhodesia mu 1962 ndi 1963, dziko lathu likadali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Zinkakhala pa bwalo la Thornhill ku Gwelo, lero Gweru, tauni yomweyo imene Dr Hastings Kamuzu Banda anakatsekeredwa atamangidwa pa 3 March 1959 n'kukwezedwa ndege pa Chileka pompa. Chitaganya chitatha, ndegezo zinatsalira Rhodesia. Zinali zopakidwa bulauni ndi kubiriwira kwakuya, ndipo iliyonse inali ndi mizinga inayi ya mamilimita 30 pansi pa mphuno. Pa 23 November 1977 ndege zimenezi, pamodzi ndi za Canberra ndi Vampire, zinaphulitsa misasa ya ZANLA ku Chimoio ku Mozambique, ndipo patangopita masiku awiri zinakantha Tembué m'chigawo cha Tete, kumene kuli abale athu olankhula Chinyanja. Anthu oposa 1,000 anafa, ndipo pakati pao panali amayi ndi ana. Pa 19 October 1978 zinalowa m'Zambia n'kuphulitsa msasa wa ZIPRA wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, kumene anthu mazanamazana anafa. Wachinyamata amene akupera makala kuti adetse pansi pa mphuno ya kandege ka Hunter ayenera kudziwa kuti mwaye umenewo ukunena kuti mizinga yalira, ndipo pansi panali anthu.

Tengani MiG-17 ndi MiG-21 za ku Mozambique, zochokera ku Soviet Union, zimene boma la Frelimo linagwiritsa ntchito pa nkhondo yake ndi Renamo. Nkhondo imeneyo inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, amene anadzaza misasa ndi midzi ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Ambiri a ife tili ndi anansi, apongozi kapena anzathu a kusukulu amene makolo ao anabwera nthawi imeneyo. Nkhondoyo inatha ndi pangano losainidwa ku Rome pa 4 October 1992, pambuyo pa zokambirana zimene anathandizira a gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mtendere utabwera, ma MiG ambiri anangokhala pa mabwalo a Beira ndi Nacala, padzuwa ndi mphepo yamchere, matayala ataphwa, magalasi atachita chikasu. Asanu ndi atatu a mtundu wa MiG-21 anakonzedwanso ku Romania n'kubwerera mu 2014. Ndege imodzimodziyo tsono ingapentedwe m'njira zitatu: ya 1985 ili pankhondo, ya 2005 itasiyidwa, ya 2014 itangochoka kokonzedwa. Aliyense wosankha chimodzi mwa zaka zimenezi wasankhanso nkhani imene adzafotokozere omufunsa.

Kwa amene akukayika

Makolo ena adzati: mwana wanga asaseweretse chida chophera anthu. Nkhawa imeneyi ndi yolemekezeka, ndipo mbiri ya luso limeneli siitsutsa. Mu 1942 asilikali a pamadzi a ku America anapempha ana a sukulu kuti aseme tindege tamatabwa 500,000 pa muyeso wa 1:72, toti asilikali aziphunzirirapo kuzindikira ndege za adani. Zithunzi za pa mabokosi a tindege nthawi zambiri zimaonetsa ndege ikuuluka mwaulemerero, osaonetsa amene ali pansi. Koma tiyeni tiyang'ane zimene zilipodi. Mwana wathu amaona kale majeti tsiku lililonse pa foni, m'masewera a pa kompyuta ndi m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo kumeneko ndege imawala, nyimbo ikulira, wofa saoneka nkhope. Kumuletsa kupanga kandege sikuchotsa zithunzi zimenezo m'mutu mwake. Chimene chingazisinthe ndi mwezi wathunthu umene iye adzakhale ndi ndege imodzi m'manja, akufufuza kumene inachokera, amene inawagwetsera mabomba ndi kumene inathera. Wachinyamata amene wapenta MiG ya ku Nacala ili pa matayala akuphwa, udzu utamera m'miyendo, waona mathero a chida chimene chinadya chuma cha dziko losauka. Ameneyo savuta kumufotokozera kufunika kwa mtendere.

Ndivomere kuti kukalambitsa pakokha sikusandutsa munthu kukhala wachifundo. Alipo amene amadetsa kandege kuti kaoneke koopsa, n'kumanyadira mwaye ngati chikho cha mpira. N'chifukwa chake ndikuti bulashi iyende limodzi ndi kuwerenga, ndipo wamkulu akhale pafupi kufunsa mafunso. Kholo limene lifunsa kuti, mwanawe, ndege imeneyi inali ya yani ndipo inamenya kuti, lachita zambiri kuposa limene langolanda kandegeko n'kukaponya pamoto.

Ena adzati n'kutaya nthawi, mwana akanawerenga mabuku kapena kuthandiza pa geni. Koma taonani zimene waphunzira amene wamaliza kandege kamodzi bwinobwino: kuyeza ndi kuchepetsa miyeso, kukonza pamalo penti asanafike, kusiyanitsa primer wa chitsulo ndi wa aluminiyamu, kusungunula penti, kuphimba ndi tepi, kudikira. Izi ndi zomwezo zimene amafuna mwini galaja wolemba wopopera magalimoto, kontirakitala wofuna wopenta nyumba, ndi wolemba zikwangwani. Kupenta ndi imodzi mwa ntchito zamanja zophunzitsidwa pansi pa TEVETA, ndipo mnyamata kapena mtsikana wofika kumeneko atazolowera kale sandipepa wa nambala 600 wayamba ali patsogolo. M'makwalala athu muli mageti ambiri amene anachita dzimbiri mvula yoyamba, chifukwa mmisiri anadumpha red oxide kuti asunge ndalama. Chizolowezi chogwira bwino ntchito imene kasitomala sadzaiona chimayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Enanso adzati zipangizo n'zodula. Bokosi lochokera kunja n'lodula ndithu, ndipo silipezeka wamba m'masitolo athu. Koma tindege tija ta mu 1942 tinali tamatabwa, tosemedwa ndi ana a sukulu. Chitini chimodzi cha primer chingakwanire achinyamata khumi ngati asonkherana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chosowa chenicheni ndi munthu wowaonetsa ndondomeko, ndipo amisiri odziwa kupopera ali m'dera lathu lomwe lino.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Thinala ndi penti wopopera sizigwiritsidwa ntchito m'chipinda chotseka, pafupi ndi mbaula, kandulo kapena koloboyi, chifukwa mpweya wake umayaka ndiponso umavulaza mapapo ndi mutu. Pokhula, sandipepa akhale wonyowa kuti fumbi lisauluke. Kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project anapeza mtovu wochuluka mu penti wina wamafuta wogulitsidwa m'Malawi, ndipo kuyambira 2021 a Malawi Bureau of Standards akhala akugwira ntchito yoti opanga penti auchotse. Mtovu umaononga ubongo wa mwana. Choncho zitini zakale zosadziwika kochokera tizipewe, bulashi tisamaisongole ndi milomo, tisambe m'manja tisanadye, ndipo kandege kopentedwa kasapatsidwe kwa mwana wamng'ono amene chilichonse amaika m'kamwa.

Chimene tingachite

Ndikupempha magulu a achinyamata a kuno ku Kameza ndi madera oyandikana nafe kuti pa tchuthi chikubwerachi ayese chinthu chimodzi. Pezani mmisiri wopopera magalimoto kapena wopenta nyumba amene angapatule Loweruka awiri kuphunzitsa kukonza pamalo ndi kupaka primer. Aliyense asankhe ndege imodzi imene inaulukadi m'chigawo chino cha Africa. Patsiku loonetsa, kandege kalikonse kakhale ndi kapepala pambali kolembedwa m'Chichewa: mtundu wa ndege, dziko lake, chaka, kumene inagwiritsidwa ntchito, ndi anthu amene inawakhudza. Oweruza ayang'ane kusalala kwa penti, koma afunsenso mwini wake kuti afotokoze chifukwa cha banga lililonse limene waika. Amene sangathe kufotokoza mwaye wake abwerere akawerenge. Muitanenso agogo amene anakhalako ku Tete kapena ku Zambia zaka zimenezo, ngati angalole kulankhula, chifukwa iwo anamva mkokomo umene ife timangouonera pa foni.

Atsikana asatsalire. Ntchito imeneyi imafuna diso ndi kudekha, ndipo palibe chimene chimati zimenezi n'za anyamata okha.

Pomaliza, nawa mafunso oti tikambirane m'magulu mwathu sabata ino. Ndi ntchito ziti zimene timazithamangira kupaka za pamwamba tisanakonze za pansi? Kodi zimene timadziwa za nkhondo tinazimva kwa yani, kwa opanga mafilimu kapena kwa anthu amene anaithawa? Ndipo pa anansi athu amene makolo ao anachokera ku Mozambique, ndi angati amene tinakhala nawo pansi n'kuwafunsa nkhani yao?